Nambala Wani Akadali Mkati

Amabaji anali ndi pakamwa. Ndiyambe n'zimenezi, chifukwa ena akamafotokoza nkhaniyi amawadzoza mafuta ngati anali mngelo wa pakhomo. Ayi ndithu. Ntchito ankaidziwa, zimenezo palibe angatsutse, koma ukalakwitsa pamaso pawo ankakusambitsa chokweza alendo ali pomwepo, osasamala kuti uli ndi imvi kapena wavala tayi.

Dzinali analitengera ku ntchito yawo. Pamisonkhano, pamaukwati a anthu opeza bwino, pazionetsero zamalonda, iwo ndiwo ankakonza mabaji a alendo n'kuyang'anira pakhomo. Baji iliyonse inkakhala ndi khodi ya QR, kabokosi ka timadontho takuda kaja. Mlendo akamalowa amaonetsa baji ku makina a pakhomo, makina n'kulira kuti tii, laputopu n'kulemba kuti walowa. Potuluka tii winanso, yalemba kuti watuluka. Pakona ya sikirini pankaoneka chiwerengero cha anthu omwe ali mkati, ndipo madzulo chinkayenera kubwerera pa ziro. Koma kwa chaka chathunthu chiwerengero cha Amabaji sichinafikepo pa ziro. Chinkathera pa wani.

Wani ameneyo anali amuna awo. Ntchitoyi anaiyamba awiri, ndipo bambowo anali munthu woti ukawaponda phazi amayamba kupepesa ndi iwo. Baji yoyamba pamndandanda inali yawo, nambala wani, yolembedwa kuti WOYESERA, poti m'mawa uliwonse zitseko zisanatsegulidwe ankalowa nayo n'kutuluka nayo, kuona ngati makina akugwira bwino, kenaka n'kulowa nayonso kukagwira ntchito mkati. Chaka chatha, pachionetsero cha amalonda ang'onoang'ono mu holo yaikulu, zingwe zopachikira mabaji m'khosi zinatha teni koloko isanakwane n'komwe, mzere wa alendo utafika kumsewu. Amabaji anawatembenukira amuna awo.

"Mwamuna wamtundu wanji wolephera kuwerenga zingwe? Mutuwo ndi wovalira chipewa basi? Pitani, ndipo musaonekenso pamaso panga mulibe zingwe thu handiredi, za buluu!"

Anthu pamzere anaseka. Bambowo anavula chingwe cha m'khosi mwawo, kumupatsa mlendo yemwe anali kutsogolo, baji yawo n'kuigwira m'manja. Kenaka anazembera kukhomo lakumbuyo lolowetsera katundu, kumene kulibe makina, poopa kudutsanso pomwe panaima akazi awo. Lole inawapeza akuwoloka msewu wopita kumashopu. Pamene uthenga unkafika ku holo, Amabaji anali atalipeza kale thumba la zingwe, pansi pa tebulo lawo lomwe, kuseri kwa nsalu, pomwe analikankhira okha dzulo lake. Za thumbalo sanauze munthu aliyense.

Kuchipatala anawapatsa nsapato, wotchi ndi foni yong'aluka galasi. Baji sinapezeke. Laputopu, poti siidziwa maliro, inasungabe kuti nambala wani ali mkati. Tsono Amabaji anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito: sankayamba fayilo yatsopano, ankangokopera yakale, kufufuta alendo akale, kulembamo atsopano. Onse ankawafufuta bwinobwino, koma chala chikafika pamzere woyamba chinkauma. Ndiye ukwati uliwonse, msonkhano uliwonse, unkayamba munthu mmodzi ali kale mkati, ndipo madzulo ankangomuchotsera m'mutu. Mlamu wawo, mlongo wa malemu, mayi wa ana atatu yemwe analowa m'malo mwa achimwene ake pantchitoyo, anazolowera kunena kuti, "Yafika pa wani, alamu, tiyeni tilongedze."

Chaka chitatha chionetsero chija chinabweranso, holo yomweyo, matebulo omwewo a miyendo yogwedera. Koma zinthu ziwiri zinali zatsopano. Choyamba, eni chionetsero anafuna kuti amalonda nawo apindule ndi makhodi: aliyense pasitandi pake azisikana baji ya mlendo ndi foni yake, kuti pambuyo pake azimutumizira mauthenga otsatsa malonda. Kusikana konseko kunkaonekera pa laputopu ya Amabaji, nambala ya baji, nambala ya sitandi ndi nthawi. Chachiwiri anabwera nacho akapitawo a holo, bambo wamimba wolendewera makiyi m'chiuno, m'mawa anthu akupachika zikwangwani.

"Madamu, chaka chino malamulo alimba. Mwezi watha tinamukhomera munthu m'chimbudzi kuyambira Loweruka mpaka Lolemba, ine pang'onong'ono ntchito indithere. Khomo lakumbuyo ndamanga tcheni, aliyense atulukire pano. Ndipo sindikhoma holo ndisanaone ziro pa chikompyuta chanucho ndi maso angawa."

"Muiona ziro yanuyo," anatero Amabaji osawayang'ana n'komwe. Mumtima ankati za madzulo tizionera madzulo, munthu wotere sachedwa kunyengerereka.

Mpaka cha m'ma teni zonse zinkayenda bwino. Mu holo munali piringupiringu: masitandi makumi asanu ndi limodzi m'mizere inayi, uyu akuonetsa sopo wopanga yekha, uyu mipando, uyu makina osokera, wina kumapeto akukuwa za mankhwala a mphemvu mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. Amabaji ankagawa mabaji obiriwira a chaka chino. Pansi pa tebulo panali matumba awiri a zingwe zapadera za buluu, poti chiyambireni tsiku lija ankagula zochuluka mopanda nzeru. Mlamu anali pa laputopu, ndipo ndi iye anayamba kukhala chete, munthu woti pakamwa sipapuma.

"Alamu, tabwerani muone."

"Ndili ndi anthu, simukuona?"

"Tabwerani, ndati."

Pasikirini, pakati pa manambala a alendo omwe ankangotsika, panali mzere umodzi: nambala wani, WOYESERA, sitandi 41, nthawi 10:07. Amabaji anauyang'ana mpaka mizere ina inaukankhira pansi. Koma pakamwa sipanachedwe.

"Ndi netiweki imeneyo. Kapena wina wasikana pepala la sopo. Amalondawa zinthuzi aziyamba lero, akungoloza foni paliponse."

"Khodi ya achimwene ili papepala la sopo?"

Asanayankhe, mzere wina unatulukira: nambala wani, sitandi 44, nthawi 10:11.

Amabaji anasiya mabaji m'manja mwa mlamu n'kulowa m'khamumo, kukankha anthu ndi zigongono. Sitandi 41 inali ya mayi wina wogulitsa makatani ndi maliboni, wonenepa, wansangala, akudzikupiza ndi chidutswa cha katoni.

"Mayi, posachedwapa mwasikana baji nambala wani. Anali ndani?"

"Iii, manambala ine ndingawasunge? Koma ngati ndi bambo a thukuta aja, ndawakumbuka. Aatali pang'ono, shati yoyera, baji yachikasu atagwira m'manja. Ndinawaseka kuti bambo, anzanu onse zobiriwira, inu yachikasu, mwagona chaka chonse kapena? Koma foni inalira bwinobwino, ndiye ine ndilibe mlandu."

Mabaji achikasu anali a chaka chatha. Amabaji anagwira m'mphepete mwa tebulo la mayiyo.

"Amafuna chiyani?"

"Zingwe za mabaji, ati thu handiredi, za buluu. Ndinawaonetsa liboni, anati ayi, zikhale za kachitsulo kumapeto. Koma ulemu wake, abale! Kupepesa katatu konse chifukwa chosagula. Ati pepani mayi, ndathamanga, akazi anga akudikira pakhomo ndipo sali bwino. Ndinati musadandaule bambo, nambala yanu talowetsa, mitengo tizikutumizirani pafoni."

Amabaji anaiona m'maganizo foni yong'aluka ija, ili m'dirowa kuchipinda, pansi pa matayi omwe analephera kugawa. Sanatsanzike. Anathamangira pa 44, kwa bambo wa matenti ndi zingwe zomangira katundu. Naye anafotokoza chimodzimodzi, n'kuloza ndi chibwano: "Angochoka kumene, alowera uko." Amabaji anaponya maso. Mitu yokhayokha, zipewa, mabaluni a kampani ya inshulansi, mashati oyera ambirimbiri, koma palibe ya msana womwe ankaudziwa. Anaimbira mlamu.

"Musadule foni. Muzindiuza paliponse pomwe aonekere."

Apa ndiye panayambira liwiro. "Sitandi 52, alamu." Amabaji ulendo. "Achoka, ali pa 58." Akafika, wefuwefu, yankho linali limodzi: angochoka kumene. Mayi wa zikwama zasukulu anati bambowo anagwira lamba wa chikwama, kumuyeza ndi zala, n'kupukusa mutu. Wa mipando, yemwe analibe chingwe ngakhale chimodzi, anati anangopempha madzi akumwa, koma pamene ankabwera ndi kapu anali atapita. Wogulitsa nsapato ndiye anali wokhumudwa kwambiri.

"Ine ndinati kasitomala wanga ndi ameneyu, poti bambowo angovala masokosi okha, ndipo akuda bii kupansi. Koma iwo ayi, akufunsa ngati zingwe za nsapato zimapezeka zazitali zokwana m'khosi. Ali bwinobwino koma bambo amenewa? Ndi abale anu?"

Amabaji anangotembenuka n'kuchoka. Nsapato za amuna awo zinali kunyumba pansi pa bedi, atazipolisha okha.

Pofika masana mapazi anali atatupa, bulauzi itamatirira kumsana. Anabwerera pakhomo n'kukhala pampando wapulasitiki, ndipo m'pamene ganizo lina linawalasa. Mafoni a amalondawa ndi atsopano, inde, koma mzere woyamba uja si watsopano. Ndiye kuti paukwati uja wa mahema atatu, pamsonkhano wa anamwino, pamwambo wopereka mphoto kwa oyendetsa mabasi, paliponse pomwe anatsegula fayilo, bambo ankakhala momwemo, kuzungulira pakati pa anthu akudya ndi kuvina, kufunsa zingwe. Kungoti kunalibe chowalemba. Chaka chonse, abale inu, munthu ali pa ulendo womwe anamutuma mkazi wake! Amabaji anamva chisoni, ndi manyazi, ndi mantha pamwamba pake. Chomwe ankafuna tsopano chinali chimodzi chokha: awapeze, awauze kuti zingwe zilipo, asiye kufunafuna.

Mlamu nthawi yonseyi anali ndi diso pasikirini, ndipo iye anali ataona china.

"Alamu, ndikuuzeni chinthu, koma musandilume. Mukakhala kumzere woyamba, iwo ali kumzere wachinayi. Mukapita kumapeto, abwera pakati. Panopa mwakhala pakhomo, taonani, masitandi khumi oyambirirawa sakuwayandikira n'komwe. Sikuti mukuchedwa ayi. Akukuthawani."

"Andithawe chifukwa chiyani? Ine ndine mkazi wawo!"

"Munawauza chiyani tsiku lija? Ine sindinalipo, koma anthu anali ndi makutu."

Munthu wina akanakhala pansi n'kuganiza. Koma Amabaji anachita zomwe ankadziwa. Anapita pa tebulo la eni chionetsero n'kutenga maikolofoni osapempha. Ankafuna kulankhula mofatsa, Mulungu ndi mboni, koma mawu a munthu amadutsa njira yomwe anazolowera. Zimkuzamawu zinayi za m'makona zinabangula pamodzi:

"Bambo a baji nambala wani, mukufunika pakhomo. Pompano!"

Holo inangoti zii kamphindi, kenaka anthu n'kupitiriza zawo. Amabaji atabwerera anapeza mlamu atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Mizere inkatsika motsatizana: sitandi 33, nthawi 14:02. Sitandi 34, 14:02. Kenaka 35, 36, 37, 38, 39, mphindi yomweyomweyo. Palibe munthu wa miyendo iwiri angafunse malonda malo asanu ndi awiri mphindi imodzi. Atakweza maso kumzere wachitatu, anaona nsalu za pamatebulo zikugwedezeka imodzi pambuyo pa inzake, timapepala totsatsa malonda tikuuluka n'kugwa pansi, amalonda akuyang'ana mafoni awo omwe ankalira okha m'manja. Mayi wina anachita kuiponya foni yake m'dengu la sopo.

"Mwawaopseza," anatero mlamu, misozi ili mbwee. "Akuganiza kuti mukufuna zingwe zanu."

Amabaji anakhalanso pampando uja. Kwa nthawi yoyamba chiyambireni maliro, mphamvu zowumira mtima zinawathera.

"Alamu, zingwe zinalipo."

"Mukuti chiyani?"

"Tsiku lija. Thumba linali pansi pa tebulo lino. Ndinaliika ndekha, n'kuiwala. Ndinalipeza iwo atangotuluka kumene."

"Atangotuluka kumene? Ndiye munawaimbira foni kuti abwerere?"

Amabaji anayang'ana pansi. "Anthu anali atangowaseka iwo. Ndinaopa kuti andiseka ine. Ndinati bola apite abwere nazo, zangazi ndizitulutsa pang'onopang'ono, palibe adziwe."

Panabwera alendo atatu ochedwa, mlamu anawapatsa mabaji, kuwaveka zingwe, kuwalozera njira. Atachoka m'pamene anatembenuka.

"Pamaliro ndine ndinakugwirani kuti musagwe. Chaka chonse ndakhala pambali panu, ndikukumverani chisoni, ndikukangananso ndi abale omwe ankakunenani."

"Ndikudziwa, alamu."

"Simukudziwa kanthu inu."

Sanalankhulanenso mpaka faifi koloko. Nambala wani anapitiriza kuonekera apo ndi apo, kubwerera pamasitandi omwe anafunsapo kale, ngati munthu wotaya makiyi amene amapisanso m'thumba lomwelo kachisanu. Amabaji sanawatsatirenso. Ankangowerenga.

Nthawi yotseka itakwana, anthu anayamba kutuluka, makina tii, tii, tii osapuma. Chiwerengero chinatsika, mazana awiri, makumi asanu ndi anayi, makumi atatu. Amalonda anatulutsa katundu wawo pakhomo lomwelo akutukwana tcheni cha kumbuyo, mipando pamutu, makatoni m'manja, baji ataluma kukamwa. Mayi wa makatani podutsa anafunsa mwansangala ngati bambo a thukuta aja anapezeka, koma ataona nkhope ya Amabaji sanadikire yankho. Dzuwa linali likadawala m'mawindo a pamwamba pamene womaliza, wa mankhwala a mphemvu uja, anatuluka mawu atasasa. Mu holo munatsala matebulo opanda nsalu, mabotolo a madzi ndi mabaluni ophwa. Pasikirini panali wani.

Akapitawo anabwera makiyi akulira, n'kuweramira pa laputopu.

"Wani uyu ndani?"

"Ndi baji yoyesera makina, siwerengedwa."

"Madamu, ine ndinanena m'mawa Chichewa chomveka. Dikirani ndikazungulire."

Anapita akuimba kaluzu, kugogoda zitseko za zimbudzi, kusuzumira kuseri kwa nsanja. Pobwera kaluzu anali atatha, ndipo makiyi anali atawafumbata kuti asalire.

"Kumbuyoku kuli munthu akukoka tcheni. Ndamuona ndili patali, wa shati yoyera. Ndafika pafupi, palibe, koma tcheni chikugwedezekabe." Anacheukira kumapeto kwa holo. "Madamu, ngati ndi za m'kompyuta, tangofufutani mzerewo, ine ndione ziro ndizipita. Zina ndi zina ine sindinalembedwere ntchito."

Amabaji anasendeza chala pa batani. Chinali chinthu chapafupi, chomwe analephera kuchita chaka chonse, ndipo tsopano kutopa kunkawanong'oneza kuti dinani zithe. Mlamu anawagwira pamkono mwamphamvu.

"Mukawafufuta ali muno, atsala muno. Loko akakhoma, ndani adzadziwenso kuti muli munthu? Achimwene atuluke pakhomo ngati anzawo."

"Nanga ndichite bwanji poti sakubwera?"

"Abwera bwanji inu mwaima pakhomo? Munawaletsa kuonekera pamaso panu. Chokanipo, tembenukani, musawayang'ane. Zonena zanuzo muwauze muli chotembenuka. Ndipo munene zonse, osadula."

Amabaji, omwe sanalamulidwepo ndi munthu, anamvera. Anaika makina m'mphepete mwa tebulo, kagetsi kake kofiira kakuyang'ana mkati mwa holo. Anayenda mapazi asanu n'kuima moyang'ana khoma, mphuno pafupi ndi chikwangwani cha eni chionetsero, chokhala ndi khodi yaikulu ngati thireyi, yolembedwa pansi kuti sikanani apa muwine firiji. Mlamu anaima pambali pa chitseko. Akapitawo anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda tebulo.

Kumapeto kwa holo tcheni chinasiya kulira. Panapita kanthawi. Kenaka anamva mapazi, opanda nsapato, ofewa pa simenti. Ankayenda pang'ono, kuima, kuyendanso. Botolo lina linagubuduka. Amabaji anali atakonza kale mawu, ndipo sanali ambiri: zingwe zilipo, wolakwa ndinali ine, pepani, pumulani. Akanangowanena pomwepo, mokweza, mapaziwo akadali patali, holo yopanda anthu ikanawafikitsa mpaka kumapeto. Mawu ofuula anali nawo, nanga si dera lonse linkawadziwa! Koma akapitawo anali chapompo makutu ali tcheru, ndipo Amabaji chibadwire sanapepesepo mlendo akumva. Mumtima anati adikire pang'ono, bambo ayandikire, awauze chapansipansi, zikhale za awiri.

Mapazi anadutsa sitandi yachisanu, yachitatu, yoyamba. Anaima. Amabaji anamva fungo la thukuta losakanikirana ndi sopo yemwe ankawachapira mashati, ndipo mtima unawawa kwambiri moti anatsamira chipumi pakhoma. Analipo, kumbuyo kwawo, pafupi poti n'kuwagwira ndi dzanja. Anakoka mpweya.

"Bambo..."

Aa, liwu limenelo! Zaka makumi awiri m'nyumba mwawo, likatuluka choncho, mpweya utakokedwa kaye, chotsatira chake chinkadziwika. Mapazi anadzambatuka. Makina analira kuti tii, ndipo kamphepo kanawadutsa Amabaji pakhosi.

"...zingwe zilipo," anamalizira, akuuza khoma.

"Ziro!" anakuwa akapitawo, mawu akunjenjemera ndi chimwemwe. "Ndaiona ndi maso anga. Koma bambo amenewa anabisala kuti? Munthu wamkulu kumathamanga chonchija ndi masokosi!"

Amabaji anatembenuka. Mlamu anali ataima pakati pa khomo, akuyang'ana kunja, dzanja lili pachifuwa.

"Mwawaona?"

"Ndawaona."

"Amva zomwe ndanena?"

Mlamu anangoyang'anabe kunja.

"Alamu, chonde, ndakugwirani mwendo. Amva? Alowera kuti? Njira ya kunyumba?"

"Kumashopu," anatero mlamu osatembenuka. "Akuthamanga."

Amabaji anayang'ana laputopu. Mzere woyamba unali utalemba kuti watuluka, 17:26. Kunja kulibe makina, kulibe masitandi, kulibe chinthu choti chidzawauzenso kuti ali apa, achoka, ali apo. Anagwada, kukoka matumba awiri aja pansi pa tebulo, limodzi dzanja ili, lina dzanja ili, n'kutuluka liwiro. Nsapato imodzi inatsala pamasitepe, sanaicheukire.

Mumsewu munali modzaza anthu oweruka kuntchito, magalimoto atathithikana, mahutala akulira. Thumba lina linang'ambika pachitsulo cha geti, zingwe za buluu zikumwazika m'mbuyo mwawo, anthu akuziponda. Tsopano analibenso nazo ntchito zoti akumva ndani.

"Bambo! Bambo, zilipo! Izi apa! Ndinalakwa ndine! Bambo!"

Amuna onse a mumsewu anacheuka, ogulitsa nyuzi, oyendetsa njinga, a masuti ndi zikwama zawo, aliyense kudziloza pachifuwa kuti mukunena ine? Mmodzi yekha sanacheuke. Anali patali pamphambano, shati yoyera itamatirira kumsana, kapepala kachikasu m'manja, phazi limodzi lili kale pa tala, akuyang'ana uku ndi uku kufuna mpata wowolokera.